Muadhini wa M'thumba ndi Zimene Sanatiuze

Tsiku lina m'mwezi wa Ramadhan tinali pa mkeka panja pa mzikiti, madzi ndi tende zili patsogolo pathu, tikuyembekezera kulowa kwa dzuwa. Muadhini wathu, bambo wachikulire amene wakhala akuitanira anthu ku Swala kwa zaka zambiri, anali ataima pakona pomwe amaonera bwino kumadzulo. Asanatsegule pakamwa, foni ya mnyamata wina inayamba Adhana m'thumba, ndipo manja angapo analunjika ku mbale ya tende. Mkuluyo sanatembenuke. Anadikira, kenako anaitana pa nthawi yake, ife n'kumasula. Tili mkati motafuna, foni yachiwiri inalira, ya mlendo amene anabwera kudzagula usipa. Titafunsana tinapeza kuti foni yoyamba inkawerengera nthawi ya ku Mangochi, yachiwiri ya ku Lilongwe, pamene ife tinali pakati pa malo awiriwo, m'mbali mwa nyanja chakufupi ndi Salima.

Kusiyana kwa mphindiko sikunandivutitse kwenikweni. Chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi mawu amene mnyamata uja ananong'oneza mnzake, akuti mkuluyu wakalamba, wayamba kuchedwa. Iye sanaganizeko n'komwe kuti foni ndi imene ingakhale yolakwa. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyang'anitsitsa mapulogalamu a Swala amene adzaza m'mafoni mwathu, ndipo ndafika poona kuti chida chimene tachipatsa ulemu wa muadhini sitinachifunse mafunso amene timafunsa munthu aliyense tisanamupatse udindo mumzikiti: unaphunzira kwa yani, ukutsata njira iti, nanga amakulipira ndani?

Tiyambe ndi ntchito yake yeniyeni. Pulogalamu ya Swala siona dzuwa, siona kufiira kwa kumadzulo, siona kuyera kwa m'bandakucha. Imawerengera masamu basi. Ikadziwa tsiku ndi malo amene muli, imadziwa pomwe dzuwa lili pa mphindi iliyonse, ndipo pa zimenezi masamu ake ndi olondola kwambiri. Vuto limabwera poti Sharia sinatipatse nthawi za Swala m'manambala. Inatipatsa zizindikiro zooneka ndi maso: kupendeka kwa dzuwa, kutalika kwa chithunzithunzi, kulowa kwa dzuwa, kutha kwa kufiira, ndi kuwala kotambalala kum'mawa. Umu ndi momwe Jibril anaphunzitsira Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) pamene anamutsogolera pa Swala masiku awiri kuti amuonetse malire a nthawi iliyonse. Tsono kuti zizindikirozi zisanduke manambala, pamafunika munthu woti agamule, ndipo anthu amene anagamula sanagwirizane.

Taonani nkhani ya Subuhi. Akatswiri amati kucha kwenikweni kumafika pamene dzuwa lili madigiri akutiakuti pansi pa chizimezime. Njira ya Muslim World League imati madigiri 18. Njira ya ku Egypt imati 19.5. Ya Umm al-Qura ya ku Saudi Arabia imati 18.5, ndipo pa Isha siwerengera madigiri koma imangowonjezera mphindi 90 pa Maghrib, n'kukhala 120 m'mwezi wa Ramadhan. Ya ISNA ya ku North America imati 15. Kuno kwathu digiri imodzi imatenga mphindi zinayi ndi kapitirirako pang'ono. Ndiye kuti pakati pa foni yotsata 18 ndi yotsata 15 pali mphindi pafupifupi 13, ndipo pakati pa 19.5 ndi 15 pali pafupifupi mphindi 20. Tsiku wamba mwina zimenezi sizingaoneke, koma mu Ramadhan zikutanthauza kuti m'nyumba imodzi bambo atha kukhala akudyabe dakwi pamene mayi atsiriza kale kuswali Subuhi, aliyense akukhulupirira foni yake ndi mtima wonse.

Pa Asr ndiye pali kusiyana kwakukulu zedi. Kwa Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja kuno timatsata, pamodzi ndi Imam Malik ndi Imam Ahmad, nthawi ya Asr imalowa pamene chithunzithunzi cha chinthu chafanana ndi kutalika kwa chinthucho, osawerengera kachithunzithunzi kamene kanalipo dzuwa lili paliwombo. Kwa Imam Abu Hanifa chithunzithunzicho chiyenera kutalika kawiri. Kuno kwathu kusiyana kumeneku kumafika pafupifupi ola lathunthu. Njira zonse ziwirizi ndi za ma Imam olemekezeka, ndipo si cholinga changa kugamula pakati pawo. Chimene ndikudandaula ndi chakuti pulogalamu imasankha imodzi mwa njirazi mwakachetechete, n'kubisa chisankhocho mkati mwenimweni momwe anthu ambiri safikako, m'Chingerezi chodzaza ndi mayina a mabungwe amene mayi wa ku Makanjira sanawamvepo. Pamwamba imangoonetsa nambala yoyera, monga 4:37, ngati kuti yatsika kumwamba. Shehe akakuuzani nthawi, mutha kumufunsa kuti watenga kuti. Nambala ya pa galasi ilibe nkhope yoti muifunse, ndipo n'chifukwa chake imaoneka yoona kuposa munthu.

Izi zikanakhala zokhazi ndikanati ndi nkhani yongofunika kuphunzitsana. Koma masamu omwewa akutiululira chinthu china chachikulu. Dziko limazungulira digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, ndipo kuno kwathu digiri imodzi kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 108. Choncho kuti nthawi ya Swala isinthe ndi mphindi imodzi yokha, muyenera kuyenda makilomita pafupifupi 27. N'chifukwa chake Mangochi ndi Lilongwe zimasiyana ndi mphindi ngati zisanu ndi imodzi. Tanthauzo lake ndi lakuti pulogalamu ya Swala ikangodziwa tawuni kapena mudzi umene mukukhala, kamodzi kokha, yapeza zonse zimene ikufuna pa chaka chonse. Sifunikanso intaneti kuti iwerengere, pakuti masamu ake ndi aang'ono moti foni yotsika mtengo imawatha m'kuphethira kwa diso. Nanga bwanji mapulogalamu ambiri amapempha chilolezo chodziwa malo enieni amene mwaima, kufikira pa mamita ochepa, ndipo ena amafuna kudziwa nthawi zonse, usana ndi usiku, ngakhale foni ili m'thumba?

Yankho linaonekera poyera mu Novembala 2020, pamene mtolankhani Joseph Cox wa Motherboard, gawo la nkhani za luso la kampani ya Vice, anatulutsa kafukufuku wake. Iye anapeza kuti pulogalamu yotchedwa Muslim Pro, yopangidwa ndi kampani ya Bitsmedia ya ku Singapore, imene pa nthawiyo inkadzitama kuti yaikidwa m'mafoni maulendo oposa 98 miliyoni, inkatumiza malo amene ogwiritsa ntchito ake ali ku kampani ina ya ku America yotchedwa X-Mode. Ntchito ya X-Mode inali kugula ndi kugulitsa mayendedwe a anthu. Inkalipira opanga mapulogalamu osiyanasiyana kuti alowetse kachidutswa ka pulogalamu yake mkati mwa yawo, ndipo kachidutswako kankatola malo a foni n'kumatumiza ku makompyuta a kampaniyo. Zotoledwazo zinkagulitsidwa kwa otsatsa malonda ndi ena, ndipo pakati pa ogulawo panali makampani ogwira ntchito ndi asilikali a dziko la America.

Chilungamo chikufuna kuti ndinene mbali inayo. Eni ake a Muslim Pro anakana kuti anagulitsapo zinsinsi za anthu kwa asilikali, ndipo analengeza kuti athetsa mgwirizano wawo ndi X-Mode. Pa mawu okhaokha kukana kwawoko kutha kukhala koona, pakuti iwo sanagulitse kwa asilikali mwachindunji. Anapereka kwa wamalonda, wamalonda n'kugulitsa kwa amene wafuna. Koma msodzi aliyense amadziwa kuti ukagulitsa nsomba kwa wopikula pagombe ulibenso mphamvu pa mphika umene idzaphikidwemo. Funso ndi lakuti nsomba imeneyi inali ya ndani, ndipo mwini wake anavomera liti kuti igulitsidwe. M'mwezi wotsatira, Disembala 2020, Apple ndi Google anauza opanga mapulogalamu kuti achotse kachidutswa ka X-Mode, apo ayi achotsedwa pa misika yawo.

Nkhaniyi sinathere pomwepo, ndipo ichi ndi chimene chimandichititsa kukana zoti inali ngozi ya kampani imodzi. Mu Januwale 2021 Motherboard inanenanso kuti pulogalamu ina ya nthawi za Swala, Salaat First, inkapereka malo a anthu ku kampani ya ku France yotchedwa Predicio. Mu Epulo 2022 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba za zimene akatswiri awiri, Serge Egelman ndi Joel Reardon, anapeza: kachidutswa kena kotola zinsinsi, ka kampani ya Measurement Systems yolembetsedwa ku Panama, kanali mkati mwa mapulogalamu ambiri, kuphatikizapo ena a Swala ndi a Qibla, ndipo Google inawachotsa pa msika wake. Kenako mu Januwale 2024 bungwe la boma la America loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, linaletsa X-Mode ndi kampani yolowa m'malo mwake, Outlogic, kugulitsa zambiri zoulula kuti munthu wafika pa malo ovuta, ndipo pa mndandanda wa malowo panali nyumba zopembedzeramo. Taonani kuti zinatenga zaka zopitirira zitatu kuchokera pamene nkhani inaululika kufikira pamene boma la dziko la kampaniyo linachitapo kanthu.

Oteteza malonda amenewa ali ndi mawu amodzi amene amawakonda: sititenga dzina la munthu. N'zoona kuti kawirikawiri dzina silitumizidwa. Chimatumizidwa ndi nambala yaitali imene foni iliyonse ili nayo yothandiza otsatsa malonda kuizindikira, pamodzi ndi malo ndi nthawi. Koma dzina ndi lofunika bwanji ngati wina akudziwa nyumba imene foni imagona usiku uliwonse, gombe limene imapita m'mawa, ndi mzikiti umene imalowa Lachisanu masana? M'mudzi mwathu mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angakuuzeni mwini foniyo. Ndipo izi sizongoganizira. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya sayansi ya Scientific Reports, wotsogoleredwa ndi Yves-Alexandre de Montjoye, anaunika mayendedwe a mafoni a anthu 1.5 miliyoni, n'kupeza kuti malo anayi okha pamodzi ndi nthawi zake anali okwanira kusiyanitsa anthu 95 pa 100 aliwonse ndi ena onse. Malo anayi. Msilamu wosunga Swala za jamaa amapereka malo asanu tsiku limodzi.

Palinso chinthu chimene pulogalamu ya Swala imaulula popanda kutumiza liwu lililonse. Pulogalamu ya nyengo ikagulitsa malo a anthu, wogula sadziwa kuti anthuwo ndi otani. Koma mndandanda wochokera ku pulogalamu ya Adhana ndi mndandanda wa Asilamu, ndipo makamaka Asilamu amene amasamala za Swala. Kusankha kwachitika kale, ndipo tinadzisankha tokha, ndi cholinga chabwino, tsiku limene tinaika pulogalamuyo kuti tisaphonye Subuhi. Apa ndi pamene chikomekome cha mkuyu chimaonetsera nyerere zake.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena mumtima, chifukwa makolo a ana a ku madrasa anandiuzapo maso ndi maso. Amati: Aphunzitsi, ine ndine msodzi wa usipa, asilikali a ku America angafune chiyani kwa ine? Yankho loona ndi lakuti mwina palibe. Sindikufuna kuopseza munthu kuti ndege ikubwera pa denga lake. Koma funsoli likuganiza kuti wogula ndi mmodzi ndiponso kuti zinthu zidzakhala momwe zilili lero. Zimene zatoledwa sizifufutika chifukwa choti mwachotsa pulogalamu. Zimakopedwa, zimagulitsidwanso, nthawi zina zimabedwa, ndipo palibe wa ife amene akudziwa kuti zidzakhala m'manja mwa ndani zaka khumi zikubwerazi. Komanso ife si anthu a mudzi umodzi. Pafupifupi banja lililonse kunyanja kuno lili ndi m'bale ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, ndipo ena mwa iwo amakhala mwamantha chifukwa cha mapepala kapena chifukwa cha chidani kwa alendo. Kwa munthu wotero, mndandanda wosonyeza kumene amagona ndi kumene amaswali si nkhani yaing'ono.

Ndipo ngakhale kwa msodzi uja, pali mtengo umene akulipira lero lomwe. Foni imene ikufufuza malo ake mosalekeza ndi kutumiza pa intaneti imatha moto msanga, ndipo zotsatsa malonda zimene zimatuluka pa galasi zimadya bandulo yake. Munthu amene amatchajitsa foni pa sola ya pa golosale, n'kugula data ya tsiku limodzi ndi ndalama ya ndiwo, ndi amene akulipirira ulendo wa zinsinsi zake zomwe. Pali chinanso choseketsa, ngakhale ndi chomvetsa chisoni. Mafoni ambiri ali ndi njira yosungira moto imene imatseka mapulogalamu foni ikakhala chigonere. Ikatseka pulogalamu ya Swala, Adhana ya m'bandakucha silira. Ine zinandichitikirapo ndili paulendo, ndipo amene anandidzutsa anali tambala wa eni nyumba.

Tsopano tiyeze nkhaniyi ndi muyezo wathu. Surat An-Nisa, ndime 29, imaika kuvomerezana kwa mbali zonse ziwiri kukhala maziko a malonda ololedwa. Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) analetsanso malonda a gharar, amene munthu sadziwa bwino chimene akupereka kapena chimene akulandira, ndipo ophunzira a fiqh amapereka chitsanzo cha kugulitsa nsomba ikadali m'madzi. Opanga mapulogalamu amati tinavomera, popeza tinadina batani lakuti tavomera. Koma pamwamba pa batanilo pamakhala chikalata chachitali cha Chingerezi cha maloya, chimene ngakhale ophunzira kwambiri sachiwerenga, ndipo mkati mwake mumangotchulidwa kuti zambiri zanu zitha kugawidwa kwa anzathu a malonda, osatchula kuti anzawowo adzagulitsanso kwa yani. Ine sindine mufti, ndipo sindikupereka fatwa. Koma zimandivuta kutcha kudina kumeneku kuvomerezana. Ngati munthu angabwere pagombe ndi pepala la chilankhulo chimene simumva, n'kukuuzani kuti dindani chala apa ndikupatseni kalendala ya Swala yaulere, kenako n'kupezeka kuti mwavomera kuti mnyamata wake azikutsatirani kulikonse ndi kope m'manja, palibe bwalo la mfumu limene lingati malondawo anali achilungamo.

Surat Al-Hujurat, ndime 12, imaletsa kufufuzana zamseri, ndipo Surat An-Nur, ndime 27, imaphunzitsa kusalowa m'nyumba za ena popanda chilolezo. Timaphunzitsa ana ndime zimenezi monga malamulo a khalidwe pakati pa oyandikana, kuti asasuzumire pa zenera, asamvetsere pa khomo. Koma chifukwa chake ndi chachikulu kuposa zenera. Chisilamu chimaona kuti munthu ali ndi gawo la moyo wake limene ndi lake ndi Mbuye wake, ndipo kulowamo mosaitanidwa ndi kulakwa ngakhale wolowayo asabe kanthu. N'chifukwa chake funso lakuti ndilibe chobisa silikwanira. Mayi amene waika nsalu pa khomo la nyumba yake sakubisa mlandu. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti wosuzumirayu analowa atavala mkanjo. Tikanamuona akubwera ndi masewera kapena nyimbo tikanachenjera. Anabwera ndi Adhana, ndi Qur'an, ndi ma dua a m'mawa ndi madzulo, ndipo sitinamufunse kanthu chifukwa tinamuyesa wa kwathu. Msilamu wopanga pulogalamu yotere wanyamula amana yolemera kuposa wopanga masewera, ndipo kunena kuti ndinafuna ndalama zolipirira antchito sikuchotsa amanayo, ngakhale ndikuvomereza kuti ndi vuto lenileni: kupanga ndi kusamalira pulogalamu kumadya ndalama, ndipo ife ogwiritsa ntchito tinazolowera kuti chilichonse cha pa foni chizikhala chaulere. Pamenepo nafenso tili ndi gawo lathu.

Chinthu china chinachitika mu Okutobala 2021 chimene ndi choyenera kuchikumbukira. BBC inalengeza kuti Apple yachotsa pulogalamu ya Quran Majeed pa msika wake wa ku China boma la kumeneko litapempha. Pulogalamuyi ndi ya kampani ya ku Pakistan, ndipo inali ndi ogwiritsa ntchito ambiri m'dzikolo. Phunziro lake ndi lapafupi. Mus'haf umene uli pa shelefu m'nyumba mwanu ndi wanu. Umene uli pa msika wa mapulogalamu umadalira chifuniro cha kampani ndi cha boma limene kampaniyo ikuliopa. Nkhani imeneyi ndimaiuza makolo amene amandifunsa ngati kuli kofunikabe kuvutitsa mwana ndi kuloweza, poti zonse zili mu foni.

Kodi ndiye tiwataye mapulogalamuwa? Ayi, ndipo ine ndemwe ndili nayo imodzi. Msodzi amene ali pakati pa nyanja usiku wa mitambo, mayi amene nyumba yake ili kutali ndi mzikiti, mlonda wa ku Johannesburg amene samva Adhana mwezi wathunthu, onsewa apeza thandizo lenileni. Ndiponso kuwerengera nthawi za Swala ndi masamu si chinthu chachilendo m'Chisilamu. M'mizikiti ikuluikulu ya ku Cairo ndi ku Damascus munali udindo wa muwaqqit, katswiri wa zakuthambo wolembedwa ntchito yosunga nthawi. Wotchuka kwambiri ndi Ibn al-Shatir wa mzikiti wa Umayyad ku Damascus, amene anamwalira mu 1375, ndipo anapangira mzikitiwo chida cha mwala chosonyeza nthawi ndi chithunzithunzi cha dzuwa. Mnzake wa nthawi yomweyo, al-Khalili, analemba matebulo a Qibla ndi a nthawi za Swala olondola modabwitsa. Choncho masamu ndi athu kuyambira kale. Kusiyana kwake ndi kwakuti muwaqqit anali munthu wodziwika, ankalipidwa ndi waqf ya mzikiti, ankaswali m'mizere yomweyo ndi anthu amene ankawatumikira, ndipo akalakwa ankaonekera. Ndalama zake sizinkachokera m'kuwerenga mapazi a oswali.

Kwa amene akufuna kusunga pulogalamu yake, zofunika kuchita ndi zochepa. Lowani momwe foni imasungira zilolezo, pezani pulogalamuyo, ndipo pa chilolezo cha malo sankhani kukana, kenako lembani nokha dzina la tawuni yapafupi. Mafoni a Android kuyambira mtundu wa 10 amalola kuti pulogalamu idziwe malo pokhapokha mwaitsegula, ndipo kuyambira mtundu wa 12 mutha kuipatsa dera longoyerekeza m'malo mwa malo enieni. Pulogalamu ya Swala imene ikukana kugwira ntchito popanda kukutsatirani, kapena imene ikupempha kuona manambala a anzanu ndi mauthenga anu, ichotseni, pakuti zimenezo sizikhudzana ndi kulowa kwa dzuwa. Mukatero onani njira ya Subuhi ndi ya Asr imene yasankhidwa, n'kuifananiza ndi tebulo la mzikiti wanu pamodzi ndi Shehe. Safunsa anadya phula. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza zambiri za anthu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Ndi chiyambi chabwino, koma dzanja la lamulo la ku Lilongwe silifika msanga ku Singapore kapena ku Panama, choncho chitseko choyamba ndi chala chanu chomwe. Ndikanakondanso makomiti a mizikiti akanabwerera ku chizolowezi chosindikiza tebulo la chaka chonse la dera lawo, lotchula njira imene latsata, n'kulipachika pakhomo. Pepala silitha moto.

Pomaliza pali nkhani ya Qibla, imene yabweretsa mikangano m'mizikiti ingapo. Mnyamata amalowa ndi foni, n'kuona kamuvi kakuloza pambali, n'kuyamba kunena kuti makolo anamanga mzikiti mokhota. Kuchokera ku Mangochi, Makkah ili kumpoto, kupendekera kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 7 okha, ndipo nambala imeneyi pulogalamu imaiwerengera bwino. Cholakwa chimabwera pa kampasi. Kachida ka mkati mwa foni kamamva mphamvu ya maginito ya dziko, ndipo mphamvu imeneyi imasokonezeka ndi malata a padenga, zitsulo za mu simenti, sipika ya mzikiti, ngakhale kamaginito ka pa chikwama cha foni. Ikani mafoni atatu pa mkeka umodzi pansi pa denga la malata, muone ngati mivi yake igwirizana.

Pali njira ina imene sifuna batire kapena chilolezo cha wina aliyense. Kawiri pa chaka dzuwa limadutsa pamwamba penipeni pa Ka'aba: pa 27 kapena 28 Meyi, ndi pa 15 kapena 16 Julayi. Pa nthawi ya kuno kwathu zimachitika cha m'ma 11:18 m'mawa mu Meyi, ndi cha m'ma 11:27 mu Julayi. Pa mphindi imeneyo aliyense amene wayang'ana kumene kuli dzuwa wayang'ana ku Qibla, ndipo chithunzithunzi cha chinthu chilichonse choima chilili chimaloza mbali yotsutsana nayo. Chaka chilichonse ndimatulutsa ana pabwalo la madrasa. Timazika ndodo ya mita imodzi pa malo osalala, n'kuiwongola ndi chingwe chomangirira mwala, ndipo nthawi ikakwana mwana mmodzi amajambula mzere potsata chithunzithunzi, chimene chimakhala chotalika masentimita 70 ndi kapitirirako. Mzerewo, kuchokera kunsonga ya chithunzithunzi kupita patsinde pa ndodo, ndiwo Qibla ya pamalopo. Chaka china kunachita mitambo mu Meyi, tinadikira Julayi. Titayerekeza mzere wathu ndi khoma la mihrab limene anamanga agogo a ana omwewo, tinapeza kuti kusiyana kwake kunali kochepa kuposa kusiyana kwa mafoni awiri amene tinawaika pambali pake.